Mpando wa Kumapeto kwa Lamba

Pa fakitale ya mafoni anthu sankaitanana mayina amene anawapatsa makolo. Munthu ankadziwika ndi chimene amamangirira. Panali a Magalasi, a Kamera, a Mabatire, ndipo kumathero kwenikweni kwa lamba woyendetsa katundu, pafupi ndi khomo lotulukira mabokosi, panali a Kumapeto. Ntchito yawo inali kutseka foni kumbuyo, kumanga timasikuluwu tinayi, ndi kumata kasitika kokhala ndi mbendera ndi mawu akuti "Yopangidwa m'dziko muno". Akatero foni inali yatha, inkalowa m'bokosi n'kupita kukalira m'matumba a anthu.

A Kumapeto sanabadwe ndi sikuludiraiva m'manja. Asanalowe m'fakitale anali telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo anthu a m'dera lawo amakumbukirabe kuti diresi yosokedwa ndi iwo inkatha nsalu ulusi udakali gwa. Kenako kunabwera zovala za kaunjika, makasitomala n'kuyamba kuwapatsa moni ali patsidya pa msewu. Ntchito inatsala ya kuika zigamba ndi kufupikitsa mathalauza a anthu aatali a kumayiko ena kuti akwane anthu a kuno. Amuna awo, amene ankayendetsa lole, anamwalira chaka chimene mwana wawo wamkazi analemba mayeso omaliza a sekondale. Anawasiyira nyumba ya lendi, wailesi, ndi mng'ono wawo wokonda nthabwala amene a Kumapeto ankangomutchula kuti alamu.

Mwanayo atapeza malo kusukulu ya makompyuta, a Kumapeto anagulitsa makina osokera, mutu ndi miyendo yomwe. Wogulayo anabwera ndi wilibala. Iwo anamuthandiza kukweza, anamuuza kuti asamaiwale kuthira mafuta, kenako analowa m'nyumba kuti asaone wilibalayo ikukhota pakona.

Choncho pamene fakitale inkalemba anthu, iwo analibe kobwerera. Chikwangwani chinkafuna atsikana a maso akuthwa, ndipo a Kumapeto utsikana unali utawatsanzika kalekale, koma anaima nawo pamzere. Mayeso ake anali kutola timasikuluwu tonga nyerere ndi kachitsulo kopanira n'kutilowetsa m'timabowo. Atsikana ankangotigwetsa. Munthu woti wathera moyo wake akulowetsa ulusi pa singano magetsi atazima anangoona ngati akumuseweretsa. Anawalemba tsiku lomwelo, ndipo pasanapite nthawi anawapezeranso malo alamu awo. Mpando umene anawapatsa ndi umene unkadyetsa pakhomo pawo, ndipo unalibe wothandizana nawo.

Fakitaleyo inabadwa ndi lamulo. Boma linali litatopa ndi kugulitsa za kumunda n'kumagula za mabatani, ndiye linalamula kuti foni yobwera yathunthu izilipira msonkho wowawa, koma yobwera zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa kuno isamalipire kanthu, ndipo izigulitsidwa ngakhale kumayiko oyandikana nawo ngati mwana wa pakhomo. Lamulo linali labwino ndithu. Vuto linali loti fakitale yaikulu ya eni ake, kutsidya kwa nyanja, inkangodziwa kupanga mafoni athunthu. Kuipempha kuti iziima pakati n'kumalongedza zidutswa kunali kodula kuposa kulemba anthu a kuno kuti aziphwasula. Ndiye mafoni ankafika athunthu, oyaka bwinobwino, m'mabokosi olembedwa kuti "zipangizo".

Mabokosiwo ankalowa m'chipinda cha chitseko chabuluu, chakumanzere munthu akangolowa m'fakitale. Pachitseko panalembedwa kuti "Polandirira Zipangizo", koma antchito ankangoti kubutchala. Kumeneko n'kumene kunali alamu ndi anzawo. Ankasenda foni iliyonse mpaka pafupa, galasi pakepake, batire pakepake, n'kuika zidutswazo m'mathireyi. Mathireyiwo ankatuluka pakawindo kotchingidwa ndi timalamba ta labala n'kugwera pa lamba, ndipo pamenepo ntchito yopanga mafoni inkayambika.

"Alamu, lero mwapha zingati?" ankafunsa a Kumapeto poweruka.

"Zokwanira kuti inu mudye. Muzindilemekeza, mayi. Ine ndikangodwala malungo fakitale yonse ino ilibe chopanga."

"Akulu anu ankafikitsa katundu wa anthu wathunthu. Inu munabadwira kuwononga."

"Kuwononga kwanga ndi chitukuko. Kafunseni a boma."

A boma ankabwera ndithu. Panali Nthambi Yolimbikitsa Zopanga Tokha, imene mkulu wake sankapezeka chifukwa nthawi zonse ankakhala kunja, kumisonkhano, akufotokozera anthu mmene timapangira zinthu tokha. Wobwera kufakitale anali a Wachiwiri, bambo waulemu, wonunkhira bwino, wokonda mawu aatali. Ankavala chikhoti choyera pamwamba pa suti, kachipewa ka pepala kumutu, timatumba kumapazi, n'kuyenda ndi lamba kuchokera pa mpando woyamba mpaka womaliza, manja ali kumbuyo. Anali ndi vuto limodzi la m'thupi limene madokotala sanalitulukire: khosi lawo silinkatembenukira kumanzere. Pa maulendo awo onse sanaonepo chitseko chabuluu.

A Kumapeto ndi amene ankawakonda kwambiri. Ankaima pambali pawo, kuwaonerera akukoka sikuludiraiva yamagetsi yolendewera pa chingwe, kumva ikulira kanayi, kenako kasitika kakumatidwa mowongoka ngati ayeza ndi lula. Apa a Wachiwiri ankapumira m'mwamba n'kuitana wojambula. N'chifukwa chake nkhope ya a Kumapeto inapezeka pa chikwangwani chachikulu cha pamphambano, ikumwetulira, foni ili m'manja, pansi pake atalemba kuti "Manja athu, tsogolo lathu". Anthu a m'minibasi ankawaloza. Iwo ankanamizira kuyang'ana kwina, koma mumtima zinkawakomera.

Woyamba kuwasokoneza mtima anali mwana wawo yemwe. Mtsikanayo atamaliza sukulu anapeza ntchito m'nyumba ina yosanja, kumene achinyamata ankayesa mapulogalamu a kampani ya kunja. Ankadina mabatani tsiku lonse kufunafuna pamene pulogalamu ikukanika, n'kulembera eni ake. Tsiku lina m'mawa makompyuta onse anakana mawu awo achinsinsi. Anayesa kuti vuto ndi la intaneti, anaimbira a intaneti. Pofika masana anamva kuti ntchitoyo yasamukira kudziko lina kumene magetsi sazima ndipo anthu ake amavomera zochepa. Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhomo, kuthandiza oyandikana nawo kufufuta zithunzi m'mafoni odzaza.

"Amayi," anatero tsiku lina akutsuka mbale, "kwanuko matebulo ali ndi miyendo yotani?"

"Miyendo ya tebulo. Ukufuna akhale ndi miyendo ya nkhuku?"

"Mawa mukayang'ane pansi. Kwathu kuja chilichonse chinali ndi matayala. Ife tinkati ndi zamakono. Nthawi ya nkhomaliro tinkakankhana pamipando tikuseka, osadziwa kuti matayalawo sanaikire ife."

"Iwe ntchito yako inali ya mphepo. Ife timapanga chinthu chogwirika."

"Mumapanga, amayi?"

A Kumapeto anatola mphika n'kuuyang'ana. Anangomuuza kuti sanautsuke bwino.

M'mawa mwake anagwetsa dala kasikuluwu, n'kumasula kachingwe ka pamkono kamene kankawalumikiza ku tebulo kuti magetsi a m'thupi asapserereze foni, n'kuwerama. Tebulo lawo linali ndi matayala anayi, lililonse ndi kabuleki kake kopondera. La a Mabatire chimodzimodzi. Lamba yemwe anali zigawozigawo zokowana ndi timakowa, chigawo chilichonse pa matayala ake. Mipando, mashelefu, makina oyesera, kabati ya mankhwala, zonse. Pansi ponse panalibe bawuti ngakhale imodzi yolowa mu simenti. Poweruka anayang'anabe, ndipo chinthu chokha chimene anachipeza chozikika chinali mwala wa pageti wokumbutsa tsiku lotsegulira fakitale. Umenewo anaika ndi a boma.

Pasanathe nyengo ya mvula a Wachiwiri anabwera opanda wojambula. Lamba anaimitsidwa, chinthu chimene sichinkachitika ngakhale munthu akomoke.

"Anzanga," anayamba motero, "dziko lili pa mpikisano. Zaka zopanda msonkho zimene tinapatsa fakitale ino zili pafupi kutha. Anzathu a kuseri kwa malire alonjeza eni ake malo aulere, magetsi osazima, ndi zaka zinanso zambiri zopanda msonkho. Ife magetsi osazima tilibe. Koma tili ndi inu."

"Ndiye kuti ndife jenereta," ananong'oneza a Mabatire.

A Mabatire ankakhala mpando woyandikana ndi wa a Kumapeto kuyambira tsiku loyamba. Anali mayi wa ana atatu, wamkamwa mosachedwa, ndipo awiriwa ankabwerekana chilichonse, kuyambira mafuta opaka m'manja mpaka nkhani za amuna a eni. Tsiku limenelo a Kumapeto sanaseke nawo.

Pakhoma anapachika kanema wamkulu woonetsa mizere iwiri. Wofiira unali wa fakitale ina ya eni omwewo kudziko lakutali, wobiriwira unali wathu. Wofiira unali m'mwamba ngati khwangwala, wobiriwira ukukwawa pansi. Kapitawo, mnyamata wakale woonda amene ankayenda ngati wina akumuthamangitsa, anawonjezera liwiro la lamba. Anthu anasiya kupita kukamwa madzi kuti asafune kuchimbudzi. Koma lamba ankangoyenda wopanda kanthu, chifukwa vuto silinali kwa omanga. Linali kubutchala. Foni kuimanga n'kosavuta kusiyana ndi kuiphwasula. Magalasi ake amamatidwa ndi guluu wosafuna kulekana, ndipo munthu akapupuluma amangomva kuti thwa. Alamu zala zonse zinali mapulasitala.

Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro a Kumapeto ndi alamu anakhala kuseri kwa nyumba ya jenereta, kumene phokoso limabisa mawu.

"Tikuluza, alamu," anatero a Kumapeto.

"Ndiye ndipange bwanji? Ndimere manja ena? Ife tikulimbana ndi anthu amene sayamba aphwasula. Kuli ngati kuthamanga ndi munthu, iwe n'kumayamba wabwerera kaye kumbuyo."

A Kumapeto anapukuta zala pa chikhoti.

"Munthu akabwera ndi thalauza kuti ndimufupikitsire, ine ndinkaphwasula thalauza lonse?"

"Ndikanadziwa bwanji? Anga munkati ndi osasokeka."

"Ndinkamasula m'munsi mokha, kupinda, kusoka. Mwini wake ankapita akuvina. Nanga inu mukusendera chiyani foni yonse, pamene ikafika kwa ine ikhala momwe inabwerera?"

Alamu anasiya kutafuna.

"Mukuti ndizingovula kumbuyo kokha?"

"Osati zonse. Apo ndi apo. Ingodutsa pa lamba, anthu aipatse moni, ine nditseke."

"Nanga lamulo?"

"Lake liti? Losatembenuka khosi lija?"

Alamu anaseka mpaka kutsamwa, koma poseka ankayang'ana uku ndi uku. A Kumapeto sankaona kuti akuchita zachinyengo. Chinyengo chinalipo kale, chinali ndi chitseko chake ndi chikwangwani chake. Iwo ankangochotsa ntchito yopanda pake, monga telala aliyense wanzeru amachitira, kuti mzere wobiriwira ukwere, fakitale ikhale, ndipo aliyense asunge mpando wake.

Foni yoyamba yosaphwasulidwa itatuluka pakawindo, a Magalasi anaiyang'ana, anayang'ana galasi limene anali atagwira kale m'manja, kenako anaisiya ipite. A Kamera anaipukuta. A Mabatire anaiika dzanja pamwamba n'kutsinzina.

"Pita mu mtendere, mwana wanga," anatero, ndipo mzere wonse unagwa ndi phwete.

Kapitawo anaona. Anatsegula pakamwa, anayang'ana kanema wa pakhoma, n'kutseka pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo nayenso anadwala khosi.

Poyamba zinali apo ndi apo monga anapanganirana. Koma mzere wobiriwira utangodzutsa mutu, panalibe amene anafuna kuuona ukugonanso. Zosaphwasula zinachuluka, zophwasula zinachepa, mpaka kubutchala kunasanduka kovulira majekete basi. Anthu a pa lamba anayambiranso kumwa madzi. Ntchito yawo inali kugwira foni, kuitembenuza, kuibweza. A Mabatire ankati anakwezedwa pa udindo, tsopano ndi m'busa wa mafoni. Otopa anali awiri okha: alamu omasula timasikuluwu tinayi kuseri kwa khoma, ndi a Kumapeto omanga timasikuluwu tomweto kuno.

Ndiye panachitika chodabwitsa china. Mafoni obwezedwa ndi ogula anatheratu. Foni yosasendedwa galasi lake silisweka, batire lake silitupa, kamera yake simalowa fumbi. Mzere wobiriwira unapeza wofiira, unauyang'ana m'maso, n'kuudutsa.

A Wachiwiri anabwera ndi ojambula atatu ndi a wailesi. Anapereka chikho ndi satifiketi ya mu felemu, nanena kuti fakitale ino yaonetsa dziko lonse lapansi kuti munthu wa kuno akapatsidwa mpata amaposa makina. Anati Nthambi ilemba buku lofotokoza njira yathuyi kuti mayiko ena aphunzire. Funso loti njirayo ndi yotani sanafunse, poti linkafuna kutembenuza khosi.

A Kumapeto anafika kunyumba ndi chithunzi atanyamula chikho. Mwana wawo anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo atamva mmene anapambanira anakhala pansi.

"Amayi, mwawaonetsa."

"Tawaonetsadi. Aone kuti kuno kuli anthu."

"Ayi, amayi. Mwawaonetsa kuti anthu ofunikadi ndi angati."

"Iwe chilichonse umachiona ndi diso la maliro. Kodi sungasangalale nawo amayi ako tsiku limodzi?"

Mtsikanayo anapachika chithunzicho pakhoma, pamwamba pa wailesi ya malemu bambo ake.

Munthu wa kulikulu la kampani, kutsidya kwa nyanja, anafika popanda mwambo uliwonse. Anali wamfupi, wa kachikwama kamodzi, nsapato zosalira. Sanapemphe chikhoti choyera, anabwera ndi chake. Atalowa pakhomo sanayang'ane lamba, sanayang'ane chikho chimene anachiika pa shelefu kuti achione. Anatembenukira kumanzere, khosi lake lili bwinobwino, n'kukankha chitseko chabuluu.

Anakhala m'menemo m'mawa wonse. Atatuluka anaima pakawindo kuonerera mafoni akugwera pa lamba, kenako anatsatira imodzi ndi maso. Anaiona ikupukutidwa, ikutembenuzidwa, ikudalitsidwa. A Mabatire atazindikira kuti akuwayang'ana anatola batire n'kuyamba kulimbana nalo mwakhama, koma analibe poliika. Munthuyo sanakwiye. Anangomwetulira.

Atafika kumapeto anafunsa kapitawo, mwaulemu, kuti nzeru imeneyi inachokera kwa ndani. Kapitawo anayang'ana pansi, koma chibwano chake chinaloza. Munthu wa kulikulu anagwira dzanja la a Kumapeto ndi manja awiri, nawerama pang'ono, nanena mawu amene kapitawo anawamasulira kuti kampani ikuthokoza kwambiri. Dzanja lake linali lofewa ndi lozizira. Kenako anaponda kabuleki ka tebulo la a Mabatire, kukamasula, kukatsekanso, ngati munthu woyesa matayala a galimoto asananyamuke ulendo.

Nthambi Yolimbikitsa Zopanga Tokha inapezeka pa mpanipani. Kunena kuti fakitale yaphwanya lamulo kunali kunena kuti chikho chija chinaperekedwa kwa anthu opukuta mafoni, ndipo nkhaniyo inali itamveka kale pa wailesi. Kukhala chete sikukanathekanso, chifukwa eni ake anali atafunsa m'kalata ngati foni yosaphwasulidwa nayonso ili yopangidwa kuno, ndipo funso la m'kalata limafuna yankho la m'kalata. Choncho akuluakulu anapita ku hotela ya kunja kwa mzinda kukakambirana tanthauzo la mawu akuti kupanga. Anabwerako onenepa pang'ono, ali ndi chigamulo: chinthu chimatengedwa kuti chapangidwa m'dziko muno ngati gawo lomaliza lofunika la ntchito yake lachitikira m'dziko muno. Zaka zopanda msonkho anaziwonjezera. Wailesi inalengeza kuti fakitale yapulumuka, ndipo anzathu a kuseri kwa malire agwa nayo.

Tsiku limenelo antchito anavina pabwalo. Ena anawanyamula a Kumapeto m'mwamba, iwo akukuwa kuti awatsitse, chitenje chimasuka.

Mipando inayamba kuchoka sabata yotsatira. Sinachoke yonse pamodzi, kampaniyo inali yaulemu. Lolemba lina anthu anapeza malo a a Magalasi ali mbee, pansi patangotsala timabwalo tinayi toyera pamene panali matayala. Lamba anali atamufupikitsa n'kumulumikizanso bwinobwino, moti mlendo sakanadziwa kuti panali munthu. Kenako a Kamera. Kenako mzere wonse wa oyesa mawu a m'mafoni. Loweruka lililonse masana kunkamveka kulira kwa matayala pa simenti, ndipo Lolemba lililonse kawindo ka kubutchala kankaoneka kuti kayandikira. Anthu anasiya kuseka. Ankagwira mafoni aja ndi manja awiri, kuwatembenuza mosamala kwambiri, aliyense kuyesetsa kuoneka wotanganidwa kuposa mnzake.

A Mabatire anali omaliza. A Kumapeto anawapeza kumakabati osungira zovala akupinda chikhoti choyera kuti akabweze.

"Amzanga," anayamba a Kumapeto.

"Chithunzi chanu cha pamphambano chija chikumwetulirabe, mayi. Ndikamadutsa ndi dengu la tomato ndizichipatsa moni."

"Ine ndinkafuna tonse titsale."

"Ndikudziwa. N'chimene chikundiwawa. Mukanakhala munthu woipa bwenzi ndikukutukwanani ndi mtima umodzi, ndikagona bwino." Anatulutsa kabotolo ka mafuta opaka m'manja n'kukaika pa benchi. "Tengani. Manja a tsogolo lathu asachite ming'alu."

Kuyambira pamenepo a Kumapeto ankatsika minibasi patali ndi kwawo n'kudzera njira ya kuseri. M'dera lawo munali nyumba zambiri zimene zinkadya za pa lamba, ndipo anthu ake ankakhala pamakonde masana onse. Sankawanyoza. Ankangosiya kulankhula iwo akamadutsa.

M'fakitale munatsala mbee ngati tchalitchi cha pakati pa sabata. Magetsi ankayatsa a pakona imodzi. Lamba anatsala wautali ngati bedi, kuchokera pakawindo kufika pa tebulo la a Kumapeto, moti iwo ndi alamu ankatha kucheza osakweza mawu.

"Kasikuluwu aka ndakadziwa," ankatero alamu kuseri kwa timalamba ta labala. "Ndakamasula pompano. Mukapatse moni."

"Musamasule mwankhanza, mukuwononga mitu."

"Alamu, tinene zoona. Ine ndimamasula kuti inu mumange. Inu mumamanga chifukwa ine ndamasula. Tsiku lina wina adzakhala pansi n'kuganiza."

"Khalani chete. Makoma ano alibe anthu, mawu amapita patali."

Woganizayo sanachedwe. Nthambi inapitanso ku hotela, ndipo ulendo uno inapeza kuti gawo lomaliza lofunika la foni ndi chizindikiro chake, pakuti chinthu chopanda chizindikiro sichidziwika kwawo. Alamu anatsanzika Lachisanu, akuseka monga mwa masiku onse, nanena kuti apita kukafunsira ntchito kubutchala yeniyeni, poti luso ali nalo kale. Kuseka kwawo kunathera pageti. Lolemba sikuludiraiva ya a Kumapeto inali itachotsedwa, chingwe chake chokha chikulendewera. Dzanja lawo linkapitabe m'mwamba lokha kukaigwira, n'kubwerako lopanda kanthu.

Anatsala ndi timasitika. Ankatsegula bokosi, kutulutsa foni, kumata, kubweza. Ankamata mowongoka kuposa kale, kukanikiza ndi chala chachikulu kuchokera pakati kupita m'mbali kuti pasatsale mpweya. Kunyumba mwana wawo anasiya kufunsa za kuntchito. Ankangowalandira chikwama n'kuwayang'ana kumaso, ndipo iwo ankati, "Mpando ulipo." Mtsikanayo ankati, "Chabwino, amayi."

Katundu watsopano anafika m'mawa wina kukuwomba mphepo ya fumbi. Onyamula anatsitsa mabokosi pafupi ndi tebulo, poti chitseko chabuluu chinali chitakhomedwa. A Kumapeto anavala kachingwe ka pamkono, ngakhale panalibenso chimene akanapserereza, anadula tepi, anatulutsa foni yoyamba n'kuitembenuza.

Kasitika kanalipo kale. Mbendera yomweyo, mawu omwewo: "Yopangidwa m'dziko muno".

Anatulutsa yachiwiri. Yachitatu. Anatsegula bokosi la pansi penipeni. Zonse zinali zomatidwa, ndipo zonse zinali zopendekera pang'ono kudzanja lamanja, mofanana, monga amamatira munthu wotopa amene lamba akumuthamangitsa. Kwinakwake kutsidya kwa nyanja kunali munthu wa kumapeto kwa lamba wina, amene mwina sankatha n'kuwerenga komwe zimene akumatazo.

Kapitawo anali ataima kumbuyo kwawo. Iye yekha ndi amene anatsala wa masiku akale, ndipo anali atasiya kuthamanga.

"Mwaziona," anatero.

"Ndiye ine ndizitani?"

"Sanandiuze. Angoti mukhale pa mpando. Mawa a Wachiwiri akubwera ndi alendo ochokera kumayiko ena, akufuna adzaone mmene timapangira. Akuti muvale chikhoti chochapa."

"Nanga mkuja?"

Kapitawo anayang'ana chingwe cholendewera chija, anakanda m'khosi, n'kupita kukathandiza onyamula katundu.

A Kumapeto anaika manja pa tebulo. Panja lole inali ikubwerera chammbuyo kulunjika pakhomo lalikulu, ikulira kachizindikiro kake, ndipo sinali lole yobweretsa mafoni. Anatola foni yoyamba ija. Analowetsa chikhadabo pansi pa kasitika, anakamatula pang'onopang'ono kuti kasang'ambike, anakawongola, n'kukamatanso, kukanikiza kuchokera pakati kupita m'mbali. Anaibweza m'bokosi n'kutenga yachiwiri.

Atawerama kuti akoke bokosi lina, mpando unatsetsereka pang'ono pansi pawo. Anapapasa ndi phazi kufuna kabuleki. Wina anali atakamasula kale.